Khadi la Kutsidya

Kompyuta inasowa Lolemba masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, nthawi ija ku Ngabu ngakhale mbuzi zimaleka kudya n'kukabisala pansi pa ngolo. Atauzidwa kuti apite ku Yunivesite ya Mgwalangwa akafufuze, Sajeni Ernest Fanizo sanakondwe ngakhale pang'ono. Pasukulupo panali mwana wake Clotilda, wa chaka chomaliza, mayeso atatsala pang'ono. Kumtundu kwa a Fanizo kunali kusanalowepo digiri chiyambire, ndipo bamboyu anali atasoketsa kale suti yodzavala tsiku la mwambo. Chilichonse chogwedeza Mgwalangwa chinkagwedeza iye.

Ndipo sukuluyo inali ikugwedezeka kale. Kunja uko kuli kampani ina imene ntchito yake ndi kusanja mayunivesite a dziko lonse lapansi, kuyambira wopambana mpaka wotsalira. Chaka chathachi inaika Mgwalangwa pamndandanda wakewo. Kumchira kwenikweni, inde, koma pamndandanda ndithu. Abale inu, kunali phwando! Inagwa ng'ombe, akabaza anazungulira msika akuliza mabelu, pageti anapachika chinsalu chachikulu ngati cha msonkhano wa ndale. Chimene chinaikweza sukuluyo, ankatero, n'chakuti ophunzira ake ambiri anali ochokera kunja kwa dziko, ndipo osanja aja amapereka mapointi ochuluka pa zimenezo. Fanizo anavina nawo tsiku limenelo mpaka anzake kupolisi anamutcha Pulofesa. Sanadzifunse kuti alendo ochulukawo amabisala pati, poti iye akapita kukaona mwana wake ankangomva Chisena ndi Chimang'anja chokhachokha.

Tsono wina anaitsina khutu kampaniyo kuti chiwerengero chija n'chabodza. Kampani inayankha kuti Lachisanu itumiza mayi wina wodzaona umboni ndi maso ake, ndipo adzabwera ndi mkulu woona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko kuti aone mapepala a alendowo. Umboni ukakhala wabwino, nkhani yatha. Ukapanda kutero, adzakonza chiwerengero, kuichotsa sukulu pamndandanda, n'kulengeza chifukwa chake dziko lonse limve. Mphekesera zinali zoti zikafika pamenepo boma likhoza kuitseka sukuluyo mayeso asanalembedwe. Walira mvula walira matope. Umboni wonsewo unali m'kompyuta imodzi ya mu ofesi yosunga mbiri za ophunzira, ndipo ndi imene inasowayo.

Rejisitala wa sukuluyo, Dokotala Leonard Mavuto, anamulandira mu ofesi yozizira ngati m'firiji. Anali munthu wa kumtunda, wathupi labwino, amene chibwerereni kuchigwa anali asanavulepo tayi, kutenthe chotani. Anayankhula nthawi yaitali osapuma. Anati iye anachoka m'mawa kupita ku Nchalo kumsonkhano, dalaivala wake angachitire umboni, ndipo anabwerera anthu akukuwa kale. Makiyi a ofesi ija analipo awiri okha. Ina inali m'thumba mwake tsiku lonse, inayo inali ndi Jesinta Maliko, mayi wolowetsa mayina ndi manambala m'kompyutamo.

"Mukuona, Sajeni, nkhaniyi ndi yosavuta," anatero Mavuto akusisita tebulo ndi chikhato. "Ngati m'manambala athu muli cholakwika, anachilemba ndi mayi ameneyu. Waona kuti Lachisanu agwidwa, ndiye wabisa umboni. Ife tikufuna chilungamo basi."

Fanizo anafunsa kuti umboniwo unali wamtundu wanji. Mavuto anayankha mwachidule kuti zinali zithunzi za ziphaso za ophunzira, kenako anayamba kukamba za kutentha. Koma pomuperekeza pakhomo anamugwira pamkono n'kutsitsa mawu.

"Mukaipeza, musavutike n'kuitsegula. Mudzangondipatsa ineyo m'manja, osati wina aliyense."

Pa zaka zake zonse za upolisi, Fanizo anali atazolowera kuti munthu woberedwa amafunsa ngati katundu wake apezeke. Uyu anali woyamba kuda nkhawa ndi tsiku limene adzapezeke.

Loko wa ofesi ija anali wosathyoka, zitsulo za m'mawindo zili zonse. Wakubayo anasiya sikirini, anasiya pulinta yatsopano, anasiyanso foni ya Jesinta imene inali pachaja poyera. Anangonyamula chibokosi chakuda chija chimene chimasunga zonse. Zingwe zake anazizula bwinobwino, anazikulunga, n'kuziika pakona ya tebulo. Mbava zimene Fanizo ankazidziwa zimadula chingwe ndi chikwanje n'kuthawa. Uyu anaba ngati munthu woopa kukalipiridwa.

Fanizo anapeza Jesinta atamukhazika m'kachipinda ka alonda. Anali mayi wowonda wa ku Malemia, wamasiye, wolera ana awiri yekha. Ankayankha ndi mawu ochepa, ngati akuwagula. Anati nthawi imene kompyuta inasowa iye anali kumapemphero a masana a antchito pansi pa mtengo wa nimu, ndipo pobwerera anapeza tebulo lili mbee. Fanizo anatumiza uthenga kwa mayi Priska, otsogolera mapempherowo, ndipo anabwera okha ali wefuwefu kudzalumbira kuti Jesinta ndiye ankayambitsa nyimbo kuyambira pachiyambi mpaka ameni, sanadzuke ngakhale kukamwa madzi. Antchito ena ananenanso chimodzimodzi. Kiyi inali pakhosi pake, pa chingwe chimodzi ndi kamtanda.

"Pochoka munakiya chitseko, mayi?"

"Ndimakiya masiku onse."

"Sindinafunse za masiku onse. Ndafunsa za lero."

Jesinta anayang'ana manja ake n'kutseka pakamwa. Fanizo anamufunsa mofatsa, anamufunsa mokalipa, koma zinali ngati akuyankhula ndi chulu. Madzulo ake bwana wamkulu wa kupolisi analamula kuti mayiyo akagone m'chitokosi, ndipo Fanizo ndiye anamutsekera. Zinamuwawa, chifukwa ankadziwa bwino lomwe kuti sananyamule ndi iyeyo. Chimene sankadziwa n'chakuti akubisa ndani.

Mlonda wa pageti, mdala Francisco, anali wosiyana ndi Jesinta kutalitali. Uyu ukamufunsa mawu amodzi amakupatsa dengu lodzaza. Anayamba n'kukana m'Chisena chake, manja ali m'mwamba: "Nkhabe, mbuya! Ine ndaona chinthu tayu." Kenako anamasuka. Anati geti limenelo ndi munda wake, ndipo chibereni matiresi chaka chatha palibe thumba limene limatuluka iye osapisamo dzanja, likhale la pulofesa. Anatchula onse amene anadutsa Lolemba masana: mayi wogulitsa mlamba wouma, wakabaza amene anabweretsa mphunzitsi wa masamu, ndi galu wa kukhitchini. Galimoto inatuluka imodzi yokha, ya a Rejisitala, m'mawa, kompyuta ikadali pamalo pake. Mpanda ndi wa waya waminga, kuseri kwake kuli chigwembe choti munthu sangadumphe atasenza katundu.

"Chibokosicho chili mommuno, mbuya," anatero mdalayo akumenya pansi ndi chibonga. "Chikakhala kuti chinatuluka, ine mundidule khutu."

Lachiwiri lonse apolisi anaisanthula sukuluyo. Anasuzumira pansi pa mabedi, anaunika m'zimbudzi ndi tochi, anagwetsa milu ya njerwa, anafufuza paliponse pamene panaoneka ngati pakumbidwa. Koma akumbe ndani mu Okutobala, nthaka ya makande itauma gwa ngati simenti? Kuhositelo ya atsikana Fanizo anakumana ndi Clotilda m'khonde. Mwanayo ananyonyomala, anapereka moni, maso ali pansi, n'kunena kuti akuthamangira kukalasi. Bamboyo anaganiza kuti ndi manyazi chabe, poti si zokoma kuona bambo ako akugubuduza matiresi a anzako.

Pofika masana onse anali atatheratu, malaya atamatirira kumsana. Fanizo anakakhala pamthunzi wa kanyumba ka alonda, ndipo Francisco anali akung'ung'udza zake. Anati ana a masiku ano alibe mwambo. Makwerero ake, amene amakhala kuseri kwa kanyumbako, wina anawatenga Lolemba osapempha, n'kuwabweza atawagoneka chadodolido, kumiyendo kuli kumutu.

Fanizo anaika botolo la madzi pansi. Tsiku lonse anthu ake ankayang'ana pansi, poti mbava imabisa pansi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza maso.

Anayenda yekha, makwerero ali paphewa, akuyang'ana madenga. M'shedi ya nkhuni kuseri kwa khitchini anapeza timaenje tiwiri m'fumbi, potalikirana ngati miyendo ya makwerero omwewo. Anakwera. Pamtanda wapamwamba kwambiri, pansi pa malata otentha ngati chiwaya, panali chimtolo chomangidwa ndi mlaza.

Anachitsitsa n'kuyamba kumasula. Kunja kunali thumba la thonje. M'kati mwake munali pulasitiki, m'kati mwa pulasitikiyo pulasitiki ina, iliyonse yomangidwa pakamwa payokha. Pakati pake anathirapo mankhusu a mpunga kuti chinyezi chisalowe. Ndipo pakatikati penipeni panali kompyuta ija, yopanda ngakhale kachikanda.

Anakhala pa chipika akuiyang'ana. Ndani amaopa madzi mu Okutobala, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo? Munthu wa kumtunda akafuna kubisa chinthu amakwirira. Wofuna kuwononga umboni akanaiponya m'chimbudzi. Koma kuli anthu ena amene dzanja lawo silingaike chinthu chamtengo pansi, ngakhale utawalipira. Ndi anthu a kwa Mlolo, kumene Shire amalowa m'nyumba osagogoda. Kumeneko mwana amakula akudziwa kuti mbewu, wailesi ndi mapepala zimakulungidwa kawiri n'kupachikidwa kudenga. Fanizo sanachite kumva kwa munthu zimenezi. Mkazi wake Angela anali wa kwa Mlolo, ndipo m'nyumba yawo ya ku Ngabu, pamtunda poti madzi sanafikepo, satifiketi ya ukwati wawo inali kudenga m'mapulasitiki awiri, ndi mankhusu a mpunga pakati.

Anadziuza kuti ana a kwa Mlolo pasukulupo ndi ambiri. Anadziuza kawiri, katatu. Koma maganizo ake ankabwererabe kwa Clotilda.

Anaimanga kompyutayo panjinga yake yamoto, anakaiika pansi pa tebulo mu ofesi yake, osauza munthu. Kenako anapita kuchitokosi. Jesinta anali atakhala pakona, atatsamira khoma. Atamva kuti katundu wapezeka, ndiponso mmene anamangidwira, anaona kuti palibenso chobisa. Anayamba kuyankhula, ndipo ulendo uno sanaumire mawu.

Anati nkhaniyi inayamba pamene Mavuto anamva kuti alendo amakweza sukulu pamndandanda. Alendo enieni analipo ochepa, osadzaza ndi benchi imodzi. Koma munthuyo anali ndi maso. Anaona kuti mabanja ambiri a m'mbali mwa mtsinje ali ndi minda kutsidya, ku Mozambiki, ndipo kuti asamavutitsidwe ndi asilikali a kumeneko powoloka ndi mpunga wawo, amakatenga khadi la kumeneko. Kuti ulipeze umangonena kuti unabadwira kutsidyako, mlembi wa m'mudzi n'kukuvomereza. Aliyense kuchigwa amazidziwa, ndipo palibe amaziyesa mlandu. Khadilo limakhala m'thumba la pulasitiki, limatuluka pokwera bwato basi. Tsono Mavuto analengeza mwakachetechete kuti wophunzira aliyense wokhala ndi khadi la kutsidya azigona kuhositelo ulere, ati pofuna kulemekeza anansi athu. Ana anabwera nawo makadi ali mweee, akuyesa mwayi. Iye anawajambula onse, n'kulamula Jesinta kuti pambali pa dzina lililonse afufute Malawi alembe Mozambiki.

"Amene anauza kampani ija ndine," anatero Jesinta. "Zinkandidya mumtima. Ndinkayesa kuti adzangokonza nambala, apse ndi a Mavuto okha. Sindinadziwe kuti adzabwera ndi wa zolowa ndi kutuluka."

Anati ana atamva zimenezo anabwera kwa iye akulira. Lachisanu likafika, aliyense wa iwo adzafunsidwa kuti ndi wa kuti. Akati ndi wa kutsidya, afunsidwa chilolezo chokhalira ndi kuphunzira m'dziko muno, chimene alibe. Akati ndi wa konkuno, ndiye kuti ananama potenga khadi, ananamanso kusukulu, ndipo lamulo la sukulu likuti wonama za kwawo amachotsedwa, zaka zake zonse n'kupita m'madzi. Kulikonse kunali moto. Anaganiza zoti kompyuta ingosowa mpaka mlendoyo abwerere kwawo, kenako aibweze. Iye mbali yake inali kungoiwala kukiya.

Fanizo anafunsa kuti ananyamula ndani. Jesinta anati zimenezo sanganene, moto anauyatsa ndi iye, apse ndi iye. Fanizo anafunsanso ngati mwana wake anali pakati pa a makadiwo.

"Zimenezo mukafunse kwanu, a Fanizo."

Anapeza Angela akupeta mpunga pakhonde. Sanakhale pansi, sanavule ndi nsapato zomwe. Anafunsa funso limodzi, ndipo lichero linaima m'malere. Mayiyo sanakane. Anati mchimwene wake Geresomo ndiye anamutengera mwanayo khadi kalekale, nthawi imene ankapita kukathandiza kukolola kutsidya patchuthi. Kodi akanatani, mwana wamkazi azikagwidwagwidwa ndi asilikali padoko? Za kuhositelo anazimva mochedwa, ndipo anaopa kumuuza, poti mwamuna wake ndi wapolisi, akamva chinthu chimasanduka mlandu.

Fanizo anakumbuka tsiku limene Clotilda anamuuza kuti sukulu yamupatsa malo ogona aulere chifukwa chokhoza bwino. Iye anagula fanta kupolisi konse, akudzitama kuti mwana watengera nzeru za bambo ake. Manyazi anamugwira, kenako mkwiyo, kenako mantha, ndipo mantha ndiwo anatsala. Anakalipa kuti mapanga awiri avumbwitsa, kuti amuphera mwana ndi kakhadi kopanda pake. Angela anamuyankha kuti kukalipa sikuphula kanthu, iye ndi amene wagwira mlanduwo, aupinde. Mayiyo anamufunsanso kuti kodi adzavala suti ija pokaona mwana wake m'khoti?

 Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tsiku limenelo Fanizo anaumva mwambiwo m'mafupa. Anamuimbira foni Clotilda. Inaitana mpaka kuduka.

Lachitatu m'mawa galimoto ya Mavuto inamuimitsa pamsewu, pafupi ndi pogulira thonje. Francisco, pakamwa pake posatsekapo, anali atauza kale sukulu yonse kuti a Sajeni anatuluka ndi chimtolo. Mavuto anamuitanira m'galimoto, anakweza magalasi, ndipo anayankhula ngati munthu wogulitsa mbuzi. Anati iye waganiza bwino, makadi aja sangamupusitse mkulu wa zolowa ndi kutuluka, ndiye ndi bwino asaoneke n'komwe. Fanizo angomupatsa kompyutayo, iye adziwa chochita nayo, ndipo mlandu ulembedwe kuti katundu sanapezeke, m'chimtolo chija munali zina. Lachisanu adzauza mlendoyo kuti kalaliki wina anasokoneza manambala n'kuba umboni, ndipo ali m'manja mwa apolisi. Kampani idzakonza chiwerengero mwakachetechete, poti zolakwitsa za kalaliki zimachitika kulikonse. Sukulu idzatsika kapena kuchoka pamndandanda, koma siidzatsekedwa. Ana adzalemba mayeso.

"Nanga mayi Maliko?" anafunsa Fanizo.

"Chaka chimodzi, ziwiri. Adzatuluka." Mavuto anakonza tayi yake. "Ndayang'ana m'mabuku anga, Sajeni. Clotilda Fanizo ndi mwana wanzeru kwambiri. Zingakhale zachisoni."

Fanizo anatsika m'galimotomo osatsazika. Chimene chinamunyansa kwambiri n'chakuti nzeru ya munthuyo inali yogwira. Inalibe bowo. Panangofunika kuti mayi mmodzi wamasiye, amene anavomera kale kupsa, apse ndithu, ndipo palibe akanadziwa kupatula anthu atatu. Tsiku lonse anazungulira Ngabu ngati nkhuku yofuna poikira. Anapita kumsika osagula kanthu, anafika pageti la sukulu n'kubwerera, anakhala mu ofesi mapazi ake akugunda chibokosi chija pansi pa tebulo. Anayesa kupeza njira yachitatu. Akalemba kuti waipeza koma wakuba sakudziwika, kompyutayo itsegulidwa, makadi aonekera, ndipo Jesinta akhalabe ndi mlandu wa chitseko. Akaitaya mu Shire, ndiye kuti wamugwirira ntchito Mavuto kwaulere. Masana anaona ana awiri a Jesinta atabwera ndi azakhali awo kudzapereka chakudya, ndipo anatulukira khomo la kuseri kuti asakumane nawo maso.

Lachinayi m'mawa bwana wamkulu anamuitana n'kumuuza kuti mayi uja sangasungidwenso, apite kukhoti lero lomwe, pokhapokha ngati pali dzina lina. Fanizo anati wamva, abwera ndi mapepala posachedwa. Anabwerera mu ofesi yake, anatseka chitseko, anatenga foni n'kupeza nambala ya Mavuto. Chala chinali pamwamba pa batani. Mulungu amukhululukire, anali atatsala pang'ono kudina.

Chitseko chinagogodedwa, ndipo asanayankhe chinatseguka. Anali Clotilda, atavala chitenje pamwamba pa diresi, maso otupa. Sananyonyomale. Anakoka mpando uja amakhalapo anthu opereka umboni, n'kukhala.

Fanizo anadzuka msangamsanga kukatseka chitseko. Anamuuza monong'ona kuti apite kunyumba, amayi ake akumufuna, nkhaniyi aisiye m'manja mwa akuluakulu. Anamuuza kuti zonse zikonzeka, iye angowerenga za mayeso basi. Mwanayo anafunsa kuti zikonzeka bwanji. Pamenepo maso a Clotilda anagwera pa foni imene inali patebulo, dzina la Mavuto likuwala, ndipo anamvetsa zonse.

Anati usiku wa dzulo anapita kunyumba kwa mayi Maliko n'kupeza kamwana kakang'ono kakukana kudya, kakufunsa kuti amayi abwera liti. Anati ananyamula kompyuta ndi iyeyo, yekha, anzake anangoyang'anira njira, ndipo mayina awo sawatchula. Anati digiri imeneyo akaitenga motero sadzatha kuiyang'ana, ndipo bambo ake sadzatha kumuyang'ana iye.

"Ukudziwa chimene ukutaya?" anafunsa Fanizo. "Zaka zonse zija, mwana wanga. Akuchotsa sukulu. Mwina ulowa m'khoti. Ine sindidzatha kukuteteza."

"Ndikudziwa, ababa. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Ngati n'kulemba, mundilembe ndinu, asandilembe wina."

 Bamboyo ankafuna kumukalipira, kumukoka dzanja, kumuponya panjinga n'kukamutsekera m'nyumba mpaka Loweruka. Koma mwanayo anakhala phee, manja ali pamiyendo, ndipo Fanizo anadziwa kuti akamutulutsa pakhomo ili akalowera pakhomo la bwana wamkulu. Anatembenuza foni ija chafufumimba. Anawerama, anakoka kompyuta pansi pa tebulo, n'kuiika pamwamba poyera. Kenako anatenga pepala ndi cholembera, n'kukhala pampando wake ngati mmene amakhalira ndi munthu wina aliyense.

Anafunsa dzina, mwanayo anatchula, iye analemba. Anafunsa zaka, analemba. Anafunsa ntchito, ndipo Clotilda atati ndi wophunzira wa chaka chomaliza, cholembera chinaima pang'ono chisanapitirire. Funso lotsatira anali atalifunsa anthu osawerengeka osaliganizira n'komwe, koma lero linali lina. Yankho lake ndi limene likanatsutsa khadi lija, kutsutsa manambala a Mavuto, n'kumutsekera mwana wake geti la sukulu. Anakumbuka m'mawa wina wa mvula kwa Mlolo, iye akukankha njinga m'matope, Angela ali pakaliyala akubuula ndi mimba ya mwanayu, chipatala chikuoneka patali.

"Unabadwira kuti?"

Clotilda anakweza maso n'kumuyang'ana, misozi ikutsika koma mawu ali bwinobwino.

"Munalipo, ababa. Lembani."